Musanagule graphics card, yambani mwayeza purosesa yanu

Amene munalipo Loweruka lapitali munazimva kale izi, koma a wapampando andipempha kuti ndizilembe chifukwa ambiri mvula inakutsekerezani. Ndalemba monga momwe ndinayankhulira, ndangochotsako nthabwala zina.

Funso lomwe ndinapatsidwa linali ili: ngati kompyuta yanu ili ndi purosesa yakale, kodi kugula graphics card yamphamvu kuthandiza, kapena purosesayo izikokera zinthu m'mbuyo? Mwachidule, inde, purosesa yakale imaika malire. Koma malirewo amasiyana malinga ndi gemu, ndipo mutha kuwayeza nokha musanatulutse ndi tambala yomwe. Ine sindinayeze, ndiye mvetserani zomwe zinandionekera.

Nditalemba MSCE ndinakhala miyezi yambiri ndikuchita maganyu podikira zotsatira. Ndalama zitakwana ndinagula kompyuta ya kaunjika, zija zimachokera m'maofesi akunja. Inali ndi purosesa ya Intel Core i5-3470 ndi RAM ya 8GB, yopanda khadi la graphics. Purosesa imeneyi inatuluka mu 2012, ine ndisanafike ndi Sitandade 3 yomwe, ndipo ili ndi ma core anayi. Polemba ndi kuonera mafilimu inalibe vuto. Koma GTA V inkayenda ngati nkhono.

Msuweni wanga wa ku Joni anati ndikatumiza theka la ndalama, iye aonjezera theka linalo n'kundigulira khadi. Ine, mutu utadzaza ndi mavidiyo a pa YouTube, ndinati RTX 3060 basi, palibenso zokambirana. Khadi linabwera pa basi. Tsiku lomwelo ndinazindikira kuti power supply ya kompyuta yanga ilibe waya wolowetsa pa khadilo. RTX 3060 imadya pafupifupi 170W, ndipo a Nvidia eni ake amalangiza power supply ya 550W, pomwe yanga sinkafika ndi 300W. Ndinadikiranso mwezi wathunthu, khadi lili mu katoni, ndikusaka ndalama ya power supply ina.

Zonse zitalumikizidwa, GTA V inasintha kwambiri, sindinama. Magemu akale onse ankathamanga. Koma nditatsegula magemu atsopano a pa intaneti, aja mumakhala anthu ambiri m'bwalo limodzi, chithunzi chinkangodukizadukiza, makamaka nkhondo ikafika povuta. Ndinatsitsa ma settings onse, osasintha. Ndinatsitsa resolution, chimodzimodzi. Nditayang'ana manambala ndinapeza kuti khadi langa lodula lija likugwira ntchito pafupifupi theka la mphamvu zake, pomwe ma core onse anayi a purosesa ali pa 100%. Ndinalipira khadi lathunthu, n'kumagwiritsa ntchito theka.

Chimachitika n'chiyani? Gemu ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana, ndipo chithunzi chilichonse chimadutsa m'manja awiri. Purosesa ndiyo imayamba: imawerengera pomwe mwaima, komwe chipolopolo chikupita, zomwe adani akuchita, magalimoto a mumsewu, ndi mauthenga ochokera pa intaneti. Ikamaliza imauza khadi kuti jambula ichi. Khadi ndiye limapaka mitundu, kuwala ndi mithunzi. Kuti muone zithunzi 60 pa sekondi, zomwe timati 60 fps, aliyense mwa awiriwa ayenera kumaliza mbali yake m'mamilisekondi osapitirira 17.

Amene munachitapo ganyu pa zomangamanga mukudziwa. Mmisiri angakhale wachangu chotani, ngati womupatsira matope ndi njerwa akuchedwa, khoma likwera pa liwiro la wopatsirayo. Mukabweretsa mmisiri wina wodula kwambiri, azingoima chopukutira thukuta chili m'manja, kudikira. Ndi zomwe anzathu amazitcha bottleneck. Khadi ndiye mmisiri, purosesa ndiye wopatsira.

Tsono apa mpamene ambiri amasokonezeka. Resolution ikakwera, ntchito imachulukira khadi, osati purosesa. Pa 1080p khadi limajambula timadontho topitirira pang'ono 2 miliyoni pa chithunzi chimodzi. Pa 4K ndi timadontho topitirira 8 miliyoni, kuchulukitsa kanayi. Koma adani oti purosesa iwawerengere ndi omwewo. N'chifukwa chake munthu wosewera pa sikirini yaikulu ya 4K sadandaula kwambiri ndi purosesa yakale, pomwe ife a 1080p ndi 720p timaigunda msanga. Magemu nawonso amasiyana. Counter-Strike 2, Valorant ndi Fortnite amatsamira kwambiri pa purosesa. Magemu osewera wekha, okongoletsedwa ndi nkhalango ndi kuwala, nthawi zambiri amalemetsa khadi. Ndiye wina akakuuzani kuti purosesa yakutiyakuti imachepetsa khadi lakuti ndi maperesenti akuti, mufunseni kuti pa gemu iti, pa resolution yanji. Akapanda kuyankha, akungobwereza zomwe anamva.

Nanga mungayeze bwanji? Pali njira ziwiri, zonse zaulere.

Yoyamba, ikani pulogalamu ya MSI Afterburner, yomwe imaonetsa manambala pakona ya sikirini gemu ili mkati. Ngati bandulo yavuta, Task Manager ya Windows 10 nayo imaonetsa ntchito ya CPU ndi GPU. Zimitsani V-Sync kaye, chifukwa imatsekera fps pa liwiro la monita n'kukupusitsani. Kenako sewerani pamalo povuta kwambiri, osati pa menu. Khadi likakhala pa 95% kupita m'mwamba, ndiye kuti khadi ndilo lakanika, ndipo latsopano likuthandizani. Likakhala pansi kwambiri koma gemu ikudukiza, vuto lili kwa purosesa. Chenjerani apa: musangoona nambala imodzi ya CPU yonse. Pa purosesa ya ma core anayi, core imodzi ikadzaza ena atatu ali phee, nambala ionetsa 25% yokha, chonsecho gemu yakanirira pa core imodziyo. Onani core iliyonse payokha.

Yachiwiri ndi yophweka kuposa. Tsitsani resolution mpaka 720p ndi ma settings onse pansi. Mwalipeputsira ntchito khadi. Ngati fps yakwera kwambiri, purosesa yanu ikadali ndi mpata. Ngati yangokhala pomwepo, mwafika padenga la purosesa, ndipo palibe khadi padziko pano lomwe lingakudutsitseni pamenepo. Amene mulibe khadi n'komwe, bwerekani la mnzanu kwa ola limodzi. Ine ndikanachita zimenezi ndikanapulumutsa ndalama ya miyezi ingapo.

Onaninso monita yanu. Ambiri a ife tili ndi mamonita a 60Hz, omwe amaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi. Ngati purosesa yanu ikutha kupereka 60 fps mosadukiza pa gemu yomwe mumakonda, nkhani ya bottleneck isakusowetseni tulo.

Kwa amene muli ndi makompyuta a mu ofesi ngati yanga, langizo langa ndi ili. Makhadi monga GTX 1050 Ti, la mu 2016, ndi GTX 1650, la mu 2019, amadya pafupifupi 75W, ndipo ambiri mwa iwo amatenga magetsi pa motherboard pomwepo osafuna waya wina. Amagwirizana bwino ndi mapurosesa a msinkhu umenewu. Ngati bokosi lanu ndi lija lopyapyala, funsani a low profile, apo ayi chitseko sichitsekeka. Samalaninso ndi power supply, chifukwa makompyuta ena a mu ofesi ali ndi mapulagi awoawo, moti yogula pamsika siingalowe mwachisawawa.

Purosesa nayo mutha kuikweza pang'ono osasintha motherboard. Pamalo pa i5-3470 pamalowa i7-3770, chifukwa zonse ndi za socket ya LGA 1155. Ma core ndi anayi omwewo, koma ili ndi ma thread asanu ndi atatu, ndipo kudukiza kumachepa. Ine ndinachita zimenezi, zinathandiza ndithu ngakhale sizinathetse vuto lonse. RAM nayo ikhale timitengo tiwiri tofanana osati kamodzi, chifukwa purosesa imalandira zinthu mwachangu ikamatunga mbali ziwiri. SSD imafulumizitsa kutsegula kwa Windows ndi magemu, koma musayembekezere kuti ikuonjezerani fps yambiri.

Pali malire ena omwe simungawalumphe. Purosesa ya masiku ano singalowe pa motherboard ya 2012, ndipo RAM ya DDR3 sigwira pa motherboard yatsopano. Mukafuna kusintha, mumasintha zitatu pamodzi. Magemu ena atsopano amafuna malangizo otchedwa AVX2, omwe kwa Intel anayamba ndi mapurosesa a mu 2013, moti pa yanga amakana ndi kutseguka komwe. Windows 11 nayo, mwalamulo lake, imafuna Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo.

Mlongo wathu wina anafunsa Loweruka lija kuti, bwanji osagula khadi lalikulu panopa n'kudzasintha purosesa pambuyo pake? Funso labwino, ndipo nthawi zina n'zomveka, chifukwa khadi limasamukira mu kompyuta ina mosavuta. Ngati ndalama ya motherboard, purosesa ndi RAM mukuiona m'miyezi iwiri kapena itatu, gulani. Koma ngati "pambuyo pake" wanuyo ali ngati wanga, yemwe watha chaka asanafike, ndiye kuti ndalama yanu yangogona mu bokosi pomwe mukanalipirira kosi ya kompyuta kapena mafomu a ku koleji. Tonse tikudziwa momwe ndalama ikuvutira kupeza.

Loweruka likubwerali ndibweretsa kompyuta yanga ndi khadi lija, magetsi akalola. Amene muli ndi makompyuta m'nyumba ndipo mukuganiza zogula khadi, nyamulani mubwere nawo, tidzayeze limodzi pa gemu yomwe mumasewera. Osaiwala waya wa magetsi, ndipo wina atithandize ndi ekisitenshoni.