Ndalama Zathu pa Foni ndi pa Intaneti: Tiyambire Pati?

(Awa ndi mau amene mmodzi wa mamembala athu analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza monga anawalankhulira popeza ambiri amene sanathe kufika anapempha kuti awaone.)



Ndithokoze komiti pondipatsa mpata uwu. Mutu umene mwandipatsa ndi wakuti munthu wofuna kusunga ndalama ndi kuziika poti zipindule, kudzera pa foni kapena pa intaneti, ayambire pati. Ine ndimagwira ntchito m'boma. Sindigulitsa masheya kapena inshuwalansi, tsono mutsate kapena mukane zimene ndinenezi, palibe tambala imene ilowe m'thumba mwanga.

Makolo athu ambiri anali ndi buku la ku positi. Munthu ankayenda ulendo, kuima pa mzere, kupereka ndalama zake kwa kalaliki amene ankamuona ndi maso, ndipo chidindo chinkamenyedwa iye ali pompo. Banki ya ku positi ija inasanduka Malawi Savings Bank, ndipo mu 2015 inagulidwa ndi a FDH. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo lero munthu angathe kutumiza malipiro ake onse a mwezi atagona pa bedi, kwa munthu amene sanamuonepo. Njira imene yatifupikitsira ulendo wa ku banki ndi yomweyo imene yafupikitsira wakuba ulendo wofika kwa ife. Pa chifukwa ichi ine ndimafunsa mafunso awiri ndisanadine batani lotumizira: ndalama zangazi akusunga ndani, nanga phindu limene akundilonjezali likuchokera kuti?

Koma ndiyambe ndi anzathu amene amati iwo zonsezi sizikuwakhudza chifukwa ndalama zao zili phee mu akaunti ya ku banki, kapena m'sutikesi pansi pa bedi. Mu May 2012 dola imodzi ya ku America inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse, ndipo mu November 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Mu 2023 ndi mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi ndalama zoposa K25 pa K100 iliyonse pa chaka. Simusowa kuwerenga malipoti kuti mudziwe zimenezi. Ingokumbukirani kuti K1,000 ya pepala inabwera mu 2012, K2,000 mu 2016, ndipo K5,000 mu 2022.

Tiwerengere limodzi, aphunzitsi athu a masamu ali pano atikonze. Tiyerekeze kuti mwasunga K100,000 ndipo banki ikukupatsani chiwongoladzanja cha K5 pa K100 iliyonse pa chaka. Chaka chikatha muli ndi K105,000, ndipo mukuona ngati mwapindula. Koma ngati mitengo yakwera ndi K30 pa K100 iliyonse, katundu amene mukadagula ndi K100,000 uja tsopano ali pa K130,000. Pa matumba asanu a simenti amene mukadagula, mugula anai okha. Palibe amene wathyola chitseko, koma thumba limodzi lapita. Ndalama yongokhala imadyedwa ngati chimanga cha m'nkhokwe yosathira mankhwala.

Kudziwa zimenezi ndi kumene kumaika anthu ophunzira m'manja mwa akathyali. Munthu akaona kuti ndalama zake zikusungunuka amayamba kusakhazikika, ndipo nthawi yomweyo pa WhatsApp pamalowa uthenga wochokera kwa mnzake amene ankagona naye hostelo imodzi, wakuti pali kampani ya pa intaneti imene ikupereka K30 pa K100 iliyonse pa mwezi.

Lonjezo limeneli si lachilendo. Ndi lomwe lija la MMM, imene Sergei Mavrodi anayambitsa ku Russia, kumene inagwa mu 1994 ndi kusiya anthu ochuluka manja ali m'khosi. Patapita zaka inadzukanso pa intaneti ndi kufika ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria. Mu 2016 inagwa ku Zimbabwe, ndipo mwa olira munali ogwira ntchito m'boma ngati ine. Ku South Africa kunabukanso Mirror Trading International, imene inkanena kuti ili ndi kompyuta yochenjera yochita malonda ndi bitcoin, yopindula pafupi-fupi K10 pa K100 iliyonse pa mwezi. Inagwa mu December 2020, mkulu wake Johann Steynberg anathawa nakagwidwira ku Brazil mu 2021, ndipo akulu-akulu oona za malonda ku America anati ndalama zimene anthu anaikamo zinaposa madola 1.7 biliyoni. Amene anaikamo sanali mbuli. Munali aphunzitsi, anamwino, ngakhale owerengera ndalama.

Bwererani ku masamu aja tinkachita pa bolodi, a chiwongoladzanja chobereka chinzake. K10,000 yopindula K30 pa K100 iliyonse pa mwezi imakhala K233,000 chaka chikamatha. Pa zaka zitatu imadutsa K126 miliyoni. Pa zaka zisanu imadutsa K68 biliyoni. Munthu amene ali ndi njira yotereyi angavutikirenji kukupemphani K50,000 yanu, ndi kukuuzani kuti mubweretse anzanu atatu? Phindu limene oyamba amalandira ndi ndalama za olowa pambuyo. Mnzanu amene akukuonetsani uthenga wa ndalama zimene walandira sakunama ai, walandiradi. Koma walandira za munthu wina, ndipo za mwezi wa mawa akuyembekeza zanu. Tsiku limene olowa achepa, tsamba la pa intaneti limatsekedwa ndipo nambala za foni sizipezekanso. Akulu anati chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pamene zimandiwawira kweni-kweni ndi pakuti zinthu zoterezi zimayenda m'magulu ngati lathu lino, a anthu okhulupirirana. Mlendo sangakunyengeni msanga, koma munthu amene munkadya naye nyemba za anankafumbwe kwa zaka zinai simumufunsa chiphaso. Zikagwa, ndalama zimapita pamodzi ndi ubale.

Nanga njira zolongosoka ndi ziti? Malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa Reserve Bank of Malawi ndiye amapereka ziphaso kwa mabanki, makampani a inshuwalansi ndi a penshoni, ma SACCO, ogulitsa masheya ndi oyendetsa ndalama za anthu. Musanapereke ndalama kwa wina aliyense, funsani ku Reserve Bank ngati dzina lake lilipo. Musakhutire ndi chithunzi cha satifiketi chimene akutumizirani pa foni, chifukwa mwana wa Fomu 2 angathe kuchipanga pa kompyuta. Satifiketi yolembetsa kampani ndi chinthu china, chiphaso chosungira ndalama za anthu ndi chinanso. Ndikumbutsenso kuti mu 2019 Reserve Bank inachenjeza kuti bitcoin ndi zinzake si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Mukaberedwa kumeneko, kokadandaula ndi kosowa.

Njira yoyamba ndi kubwereketsa boma kudzera mu Treasury bills, za masiku 91, 182 kapena 364. Mumagula kudzera ku banki yanu kapena kwa oyendetsa ndalama a chiphaso, ndipo phindu mumalidziwa pa tsiku logula. Mu 2024 za masiku 364 zinkapereka pafupi-fupi K26 pa K100 iliyonse. Zikumveka zambiri, koma mitengo ya zinthu chaka chimenecho inakwera kuposa pamenepo, ndiponso pa phindulo pamachotsedwa msonkho. Simulemera nazo, mumangochepetsa chimene anankafumbwe akudya.

Palinso ma unit trust, kumene ndalama za anthu ambiri zimasonkhanitsidwa ndipo akatswiri amaziika mu Treasury bills, m'mabanki kapena m'masheya. Izi ndizo ndingalangize munthu woyamba kumene, popeza mungathe kuyamba ndi zochepa, kuonjezera mwezi ndi mwezi kudzera pa foni, ndi kutapa patangopita masiku ochepa mukapempha. Funsani kuti iwo amadulapo zingati pa chaka.

Za masheya ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi zimene ambiri mwandifunsa panja paja. Malawi Stock Exchange ili ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kugulitsirapo masheya ake inali NICO mu 1996, ambiri a ife tikadali pa sukulu. Pambuyo pake panabwera ena monga Illovo, Press Corporation, National Bank, NBS Bank ndi TNM. Kugula sheya ndi kugula kachigawo ka kampani. Kampani ikapindula imakugawirani, ndipo mtengo wa sheya ukakwera mungathe kugulitsa. Funso lija lakuti phindu likuchokera kuti lili ndi yankho looneka ndi maso: shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, mayunitsi amene tonse tikugula, chiwongoladzanja chimene banki ikutidula ife tomwe. Simugula nokha ku msikako, mumadzera kwa stockbroker wa chiphaso. Amafuna chiphaso chanu cha unzika ndi akaunti ya ku banki, ndipo zotsalazo zimatheka pa imelo ndi pa foni. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje sasowanso kukwera basi.

Airtel Malawi inagulitsa masheya ake kwa anthu pa K12.69 imodzi, nkulowa pa msikawu mu February 2020. FDH Bank inalowa mu August chaka chomwecho pa K10 imodzi, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 sheya yomweyo inali itadutsa K100. Nkhani ngati imeneyi ndiyo yautsa anthu ambiri, ndipo m'zaka za 2023, 2024 ndi 2025 mitengo pa msikawu inakweradi kwambiri. Koma amene anagula pa K10 ndi amene akugula mtengo utakwera kale sali pa ulendo umodzi. Mitengo imatsikanso, ndipo kampani ikapanda kupindula sigawa kanthu chaka chimenecho. Msika wathu ndi waung'ono, makampani ake safika makumi awiri, ndipo nthawi zina mungafune kugulitsa koma wogula osapezeka kwa masabata. Tsono ndalama ya fizi ya teremu ikubwerayi, ya feteleza, kapena ya lendi isapite ku masheya. Kumeneko kupite ndalama imene simuifuna kwa zaka zisanu. Musaike zonse pa kampani imodzi, ndipo ngakhale mugule mabanki atatu dziwani kuti mphepo imene ingagwetse imodzi ingagwedeze onse.

Za malonda osinthanitsa ndalama zakunja pa intaneti, amene anyamata athu akuwathamangira, sindichedwapo. Amakubwereketsani mphamvu yochita malonda oposa ndalama zanu, ndipo mtengo ukangotsika pang'ono zanu zonse zatha. Amene amapindula motsimikizika ndi amene akulipiritsa maphunziro ake.

Kwa anzanga a m'boma ndi ena olandira pa mwezi, pali china choyenera kuchita zonsezi zisanayambe. Ngati pa pepala lanu la malipiro pali ngongole zitatu zodulidwa ndalama isanafike m'manja, kapena muli ndi katapila, bwezani zimenezo poyamba. Palibe sheya imene ingakupatseni phindu loposa chimene wakatapila akukudulani pa mwezi. Ndipo kutenga ngongole kuti mugule masheya kuli ngati kukwera njinga yopanda mabuleki potsika phiri la Zomba. Mukatha ngongole, sungani ndalama zokwanira miyezi itatu pamalo poti mungatape msanga, chifukwa matenda ndi maliro sizipangana ndi munthu. Ndalama yosungayo ichoke tsiku lomwe malipiro alowa. Mukadikira zotsala pa 20, tonse tikudziwa chimene chimatsala. SACCO ya ku ntchito ndi yothandiza pa chifukwa chomwechi, kuti imadula musanaione.

Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale woimba foniyo atchule dzina lanu lonse ndi kunena kuti akuimba kuchokera ku banki kapena ku kampani ya mafoni. Iwo safunsa nambala imeneyi. Foni yanu ikangosiya kugwira netiweki mosadziwika bwino, pitani ku ofesi yao tsiku lomwelo, chifukwa mwina wina watenga nambala yanu pa simu kadi ina.

Pali nkhani imene sitikonda kuikamba. Bambo akamwalira kale, ana ankapeza buku la ku positi ndi masatifiketi m'sutikesi. Lero chuma cha munthu chingathe kukhala m'foni yokhoma, ndipo mkazi kapena mwamuna wotsalayo osadziwa kuti kuli masheya kapena unit trust kwina kwake. M'bungwe lino taika anzathu angapo m'manda, ndipo tawaona ana ao akusowa fizi. Lembani pa pepala dzina la kampani iliyonse imene ikusunga ndalama zanu ndi nambala ya akaunti, osalembapo nambala yachinsinsi, ndipo mnzanu wa m'nyumba adziwe pamene pepalalo lili. Onaninso maina amene munalembetsa ku penshoni, chifukwa ena munalemba makolo musanakwatire ndipo mpaka lero simunasinthe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma silingathandize banja kupeza ndalama imene silikudziwa kuti ilipo. Lembani wilo.

Bambo Wapampando, ndimalize ndi thumba lathu lomwe. Tamva lipoti la a Msungichuma m'mawa uno, ndipo ndalama zimene tikusonkhera laibulale zili mu akaunti imene sipereka phindu, pamene mtengo wa simenti ndi malata ukukwera. Ndikupempha komiti kuti isanathe miyezi iwiri ikafunse ku mabanki awiri ndi kwa oyendetsa ndalama awiri a chiphaso, itibweretsere molemba zimene aliyense akupereka, zimene amadula, ndi masiku amene zimatenga kuti ndalama zituluke. Thumbali lisapite ku masheya, popeza tikufuna kumanga posachedwa. Osayinira akhalebe atatu, ngakhale pa ndalama zoyenda pa foni, ndipo gawo lina tigulire simenti ndi malata tsopano, ngati a Mphunzitsi Wamkulu angatipatse chipinda chokhoma bwino.