Siginala Sabadwa ndi Nyali M'manja

 Mwandipempha kuti ndilankhule za utsogoleri. Ine sukulu ndinalekezera panjira, choncho ndilankhula za m'boti momwe ndakulira.

Ntchito ya pa nyanja ndinaiyambira konkuno ku Liwaladzi ngati wokapa madzi. Siginala wathu anali mkulu wina wochokera ku Likoma. Kwa alendo athu a kumtunda, siginala ndi uja amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali usiku wa mdima. Usipa umatsata kuwala, iye n'kumauyang'ana mpaka udzaze, ndiye n'kuuza anzake kuti ponyani ukonde. Akalakwitsa, anthu onse a m'boti abwerera chimanjamanja ndipo mafuta a injini apita pachabe.

Mkuluyu sanandikhazikepo pansi kuti andiphunzitse. Ankangondifunsa mafunso. "Iwe, madzi akukokera kuti lero? Mphepo iyi ndi mwera kapena ingotinamiza?" Ndikayankha bwino sankandiyamika, ndikalakwa sankandiseka. Ankangoti, "Yang'ananso."

Usiku wina anati mutu ukumupweteka, ine nditenge nyali. Masiku amenewo zinali nyali za Tilley zopopa zija, osati mababu ndi mabatire a lerowa. Mtima unagunda. Chifukwa cha mantha ndinaponyetsa ukonde msanga usipa usanasonkhane, ndipo tinatuluka ndi ndowa ziwiri zokha. Mwini boti anakalipa pa gulu nafuna kundichotsa ntchito. Mkulu uja anaimirira nati, "Anamtuma ndine. Dulani pa gawo langa." Kenaka ananditengera pambali, tili awiri, nandifunsa zomwe ndinaona pansi pa nyali. Usiku wotsatira mutu uja unamupwetekanso. Panapita zaka kuti ndizindikire kuti mutuwo sunapwetekepo n'kamodzi komwe.

Tsono ndifunse eni zida anzanga: ndi angati mwa ife amene mutu unatipwetekapo motero? Mnyamata akaonetsa nzeru timamuona ngati wodzatilanda boti. Akafunsa funso timati ndi mwano. Ife amene tinakula riferendamu ya 1993 isanachitike tikudziwa kumene khalidweli tinalitenga, nthawi ija "bwana wanena" anali mapeto a nkhani. Boma linasintha mu 1994, koma m'maboti ambiri chipani chikadali chimodzi.

Sindikuloza chala ena okha ai. Nditagula chilimira changa ndinali ndi mnyamata amene ankadziwa gawo la munthu aliyense pamtima, ndipo mkangano ukabuka anzake ankathamangira kwa iye, osati kwa ine. Zimenezi zinandiwawa. Ndinamusiya akukoka chingwe zaka zisanu osamupatsa nyali ngakhale usiku umodzi. Anatopa, napita kukadula nzimbe ku Dwangwa, ndipo kumeneko sanachedwe kumuika ukapitao. Ena aona m'miyezi yochepa chimene ine ndinkachitsinzinira dala. Ena otere tikuwataya ku Johannesburg chaka ndi chaka.

Nkhaniyi siithera m'boti. Makomiti a BVC anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 nsomba zitachepa, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linatsegula njira yoti asodzi tizisamala nyanja pamodzi ndi boma. Koma komiti imafuna munthu wolimba mtima, wotha kuuza ngakhale malume ake kuti neti ya udzudzu siilowa m'madzi. Munthu wotere timupeza kuti ngati zaka zonsezi takhala tikumuuza kuti khala chete? Onaninso amai awa. Alipo pano amene amayanika usipa, kuwerengera ndowa, kukambirana mtengo ndi ogula a ku Lilongwe popanda kutaya tambala, koma pa chisankho timawapatsa ntchito yophika nsima ya alendo.

Pempho langa ndi limodzi. Mdima ukubwerawu, mwini chilimira aliyense agwirizane ndi siginala wake, asankhe mnyamata mmodzi, ampatse nyali usiku awiri. Umodzi sukwana, poti woyambawo ndi wa mantha. Akalakwitsa mukamufunse kuseri, osati pa mchenga anthu akumva.

Ine wanga ndasankha kale, ali pomwepa koma sakudziwa. Ndipo inu a m'boti langa musadandaule, ndowa zikaperewera mudzadula pa gawo langa.