Makina akubwera: wantchito adzakhala nawo pa bwalo?

Funso limene ndabwera nalo ndi ili: kodi ana athu adzagwira ntchito yanji pamene makina akulanda ntchito za manja, ndipo katundu wotsika mtengo wochokera kunja wadzaza m'misika yathu?

Pali nyimbo imene timaimva kawirikawiri pa misonkhano ya ndale. Akuti poti Mmalawi amalandira malipiro ochepa, eni mafakitale adzathamangira kuno monga anathamangira ku South Korea ndi ku Taiwan, kenaka ku China, ku Vietnam ndi ku Bangladesh. Nzoona kuti maiko amenewa anatukuka motero. Anthu ankachoka kumunda kukasoka malaya, ndipo ana ao anaphunzira mpaka kufika popanga mawailesi ndi magalimoto. Koma njira imeneyi ikunka nichepa. Katswiri wa zachuma wa ku Harvard, a Dani Rodrik, anaonetsa mu 2015 kuti m'maiko osauka a masiku ano ntchito za m'mafakitale zikuyamba kuchepa maikowo asanalemere nkomwe.

Tiyambe ndi makinawo. Mu 2016 akuluakulu a boma mumzinda wa Kunshan ku China analengeza kuti fakitale ina ya kampani ya Foxconn, imene imapanga mafoni a Apple, inachepetsa antchito kuchoka pa 110,000 kufika pa 50,000 itaika maloboti. Loboti silidwala malungo, silipita kumaliro ndipo silipempha kukwezedwa malipiro. Likangotsika mtengo, umphawi wa wantchito suthanso kukopa mwini fakitale.

Tsono makinawo amakakhazikika kuti? Kampani ya nsapato ya Adidas inatsegula mafakitale awiri a maloboti, ina ku Ansbach m'dziko la Germany, ina ku Atlanta ku America. Ambiri anati basi, ntchito zabwerera kwa azungu. Koma mu November 2019 kampaniyo inalengeza kuti ikutseka mafakitale onse awiri, ndipo luso lija inalipititsa ku China ndi ku Vietnam. Kumeneko kunali kale opanga zipangizo, madoko, magetsi odalirika ndi amisiri odziwa kukonza makina akaonongeka. Makina amatsata zinthu zimenezi, ndipo ndi zimene ife tikuperewera.

Ntchito imodzi imene maloboti akulephera mpaka lero ndiyo kusoka. Nsalu ndi yofewa, imapindika, imatamuka, ndiye imafunabe zala za munthu. Nchifukwa chake ku Bangladesh anthu pafupifupi 4 miliyoni akugwira ntchito yosoka zovala, ndipo zovalazo zimabweretsa ndalama zoposa 80 pa 100 iliyonse imene dzikolo limapeza pogulitsa katundu kunja. Wina anganene kuti mwayi wathu ndi umenewo. Mwina. Koma tione mtengo wake. Pa 24 April 2013 nyumba ya mafakitale ya Rana Plaza inagwa ndi kupha anthu 1,134. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake, koma osoka anauzidwa kuti alowe basi. Panalibe wowalankhulira.

Ethiopia anayesa kupikisana ndi Bangladesh pa kutsitsa malipiro. Mu 2016 anatsegula mudzi wa mafakitale ku Hawassa, ndipo kafukufuku wa New York University wa mu 2019 anapeza kuti malipiro oyambira kumeneko anali madola 26 pamwezi. Antchito ambiri ankasiya pakangopita miyezi yochepa chifukwa ndalamazo sizinkakwanira chakudya ndi lendi. Nkhondo ya ku Tigray itabuka, America inachotsa Ethiopia pa mgwirizano wa AGOA mu January 2022, ndipo ogula ena ananyamuka. Ku Lesotho nako, malamulo ochepetsa zovala za ku Asia pa msika wa dziko lonse atatha pa 1 January 2005, mafakitale angapo anatsekedwa ndipo anthu zikwizikwi anabwerera kumudzi. Fakitale imene yabwera chifukwa ndinu otchipa imachoka tsiku limene yapeza otchipa kuposa inu.

Tibwere kwathu kuno. Ambiri a inu mukukumbuka bwino kuposa ine zimene zinachitika mu May 1992. Patangotha miyezi iwiri maepiskopi atatulutsa kalata yao ya pa 8 March, ndipo a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, ali m'ndende, antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead & Sons ku Blantyre ananyanyala ntchito. Sitalaka ija inafalikira mumzinda wonse, anthu anaomberedwa, ndipo ulamuliro wa chipani chimodzi unagwedezeka. Inu amene panthawiyo munali ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare kapena ku London munamva pa wailesi kuti kumudzi kwayaka moto. Riferendamu ya pa 14 June 1993 ili ndi thukuta la oomba nsalu mkati mwake.

Nanga fakitale ija inatha bwanji? Malire a zamalonda atatsegulidwa, kaunjika ndi nsalu zotsika mtengo za ku Asia zinasefukira, fakitale inafooka, ndipo mu 2003 boma linaigulitsa. Ambiri mwa anthu amene anatithandiza kupeza matipate anachotsedwa ntchito m'nthawi ya matipate omwewo. Sindikunyoza kaunjika ayi. Wavekadi ana a amphawi, ndipo mabanja ambiri akudyera pomwepo. Koma thonje la ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima likamatuluka m'dziko ngati thonje chabe, ife nkumagula malaya otha a anthu ena, tiyenera kufunsa kuti anasankha zimenezi ndani, ndipo anafunsa yani. Dziko la Rwanda linakweza msonkho wa kaunjika mu 2016, ndipo mu 2018 America inalilanga poimitsa mwayi wake wogulitsa zovala kumeneko popanda msonkho. Tingagwirizane nao kapena ayi, koma iwo anasankha ali maso.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ku Kericho m'dziko la Kenya makampani a tiyi anabweretsa makina othyola masamba, ndipo anthu zikwizikwi anataya ntchito. Mu May 2023 anthu okwiya anatentha ena mwa makinawo. Amayi othyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje sali kutali ndi nkhani imeneyi.

Kutentha makina si chinthu chachilendo. Mu 1811 oluka masokosi ku Nottingham ku Mangalande anayamba kuphwanya makina a mabwana ao. Mu 1812 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inagamula kuti wophwanya makina aphedwe, ndipo mu 1813 ena ananyongedwa ku York. Anthu aja sanali zitsiru. Analibe voti, ndipo lamulo linkawaletsa kukhazikitsa mabungwe ao. Munthu wotsekedwa pakamwa amalankhula ndi nyundo. Ife tili ndi voti, tili ndi gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino lopereka ufulu wolowa m'mabungwe a anthu apantchito, tilinso ndi lamulo la Labour Relations Act la mu 1996. Nkhondo yake munamenya ndinu. Zida zimenezi zikangokhala pa pepala, tidzabwerera ku nyundo.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba ndi magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka choposa chimodzi. Palibe fakitale, ya manja kaya ya maloboti, imene ingayende pa koloboyi. Chachiwiri ndi luso. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999. Tiifunse, pamodzi ndi masukulu athu a zaumisiri, kuti ikutulutsa anyamata ndi atsikana angati odziwa kukonza makina a masiku ano. Chachitatu, chimene chili chachikulu, ndi mpando wa wantchito pa bwalo. Boma likamakopa kampani yakunja poichotsera msonkho, mgwirizanowo uwerengedwe m'Nyumba ya Malamulo, tidziwe kuti ilemba anthu angati, kwa zaka zingati, pa malipiro otani. Kampani ikafuna kubweretsa makina, ikambirane kaye ndi bungwe la antchito za nthawi, za chipukutamisozi ndi za maphunziro a ntchito ina. Phungu wobwera kudzapempha voti tizimufunsa zimenezi asanatigawire nsalu ya chipani, imene mwina nayo inasindikizidwa kunja.

Makina sitingawaletse, ndipo ena adzatipeputsira ntchito zothyola msana. Phindu lake lidzapita kwa amene ali pa bwalo pogawana. Mutu umodzi susenza denga, abale anga. Tiyeni tilowe m'mabungwe athu, tifunse mafunso nthawi ikadalipo.