CHIKHO CHA MADZI KWA OTHAMANGA A PA PHIRI LA MULANJE

Mau amene Mlembi wa Mvano anayankhula pa tsiku la chikondwerero

 

Komiti inatituma kuti tiyankhule za ntchito imodzi mwa ntchito zathu. Za kuyendera odwala, kutonthoza anamfedwa ndi kusamala nyumba ya Mulungu mwamva kale kwa anzathu. Ife tasankha ntchito imene ena pakati pathu akali kuikayikira, ndiyo yothandiza pa mpikisano wothamanga wa pa phiri lathu la Mulanje, ndiponso kulola ana athu aakazi kuti athamange nawo. Mau athu ndi akuti imeneyi ndi ntchito ya Mvano ndithu, ndipo tifotokoza chifukwa chake.

MPIKISANOWO NDI WOTANI?

Alipo ena amene amangomva phokoso la tsikulo, koma sanapiteko. Mpikisanowu umatchedwa Porters Race, ndiye kuti mpikisano wa mapotala, anyamata aja onyamula katundu wa alendo okwera phiri. Unayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo poyamba unali wa mapotala ndi olondolera alendo okhaokha. Pambuyo pake unatsegulidwa kwa aliyense, amuna ndi akazi, eni dziko ndi alendo ochokera kunja. Kawirikawiri umachitika mwezi wa Julaye.

Othamanga amanyamukira ku Likhubula, nakwera mpaka pamwamba pa Chambe, nadutsa kumka ku Lichenya, kenaka natsikanso kubwerera ku Likhubula komweko. Mtunda wake ndi wopitirira makilomita 20, ndipo si mseu ai, koma tinjira ta miyala, mitsinje ndi zitunda zoti pena munthu amakwera chogwira ndi manja. Alendo ambiri amayenda ulendo umenewu masiku awiri, kugona m'nyumba za pa phiri. Koma anyamata aliwiro amaumaliza patangopita maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Nsonga ya Sapitwa, imene ndi yaitali mamita 3,002, othamanga safikako.

Tsono mapotalawa ndani? Ndi ana athu, alongo athu, ena ndi amuna athu. Ndalama imene amapeza posenza zikwama za alendo ndi imene imagula sopo, mchere ndi makope a ana m'nyumba zambiri za kuno. Chaka chonse iwo amayenda pambuyo pa mlendo, katundu ali pamsana. Tsiku la mpikisano ndi tsiku limodzi lokha limene iwo amakhala patsogolo, anthu nkumawaombera m'manja. Kodi nkwabwino kuti pa tsiku lotere amayi ao akhale kunyumba?

NTCHITO YA MANJA ATHU

Ife sitiyendetsa mpikisanowu. Alipo eni ake, ndipo alipo azaumoyo amene amabwera ndi mankhwala. Ife timangodzipereka, osalandira kanthu, ndipo timaima pamene atiuza kuti tiime. Ntchito zathu ndi zinai.

Yoyamba ndi madzi. Munthu amene wathamanga mtunda wotere amafika kukhosi kuli gwa. Koma madzi a chifundo asasanduke madzi a matenda. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, mmene inatengera anthu m'dziko muno. Choncho madzi athu timawawiritsa dzulo lake kapena kuthiramo WaterGuard, ndipo timawasunga m'ndowa zovundikira. Wothira madzi m'makapu amakhala mmodzi, atasamba m'manja ndi sopo, ndipo kapu imene wamwera wina sipita kwa mnzake isanatsukidwe. Tidziwenso kuti thukuta limatulutsa mchere m'thupi, nchifukwa chake ena amagwidwa tsemwe ndi kukokana kwa minofu ngakhale amwe madzi. Otere amathandizidwa ndi Thanzi yemwe uja timapatsa ana otsegula m'mimba. Ngati palibe, mu lita imodzi ya madzi abwino timathira timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Amwe pang'onopang'ono. Koma munthu amene wakomoka sitimuthira kanthu m'kamwa, chifukwa angatsamwe. Timamugoneka chammbali, ndi kuitana azaumoyo msanga.

Yachiwiri ndi kufunditsa. Julaye kuno ndi mwezi wa chisanu, ndipo chiperoni chikagwa miyala imaterera ndipo nkhungu imaphimba njira. Wothamanga akaima, thukuta lija limazizira pathupi, nayamba kunjenjemera ngati wa malungo. Apa mpamene chitenje chouma, tiyi wotentha wa shuga ndi nthochi imodzi zimachita zazikulu. Zonsezi nzopezeka m'makomo mwathu.

Yachitatu, imene ife timaiona yoposa zonse, ndi kudikira omalizira. Oyamba akafika pamakhala nthungululu, ng'oma ndi ojambula zithunzi. Koma mphotho zikangoperekedwa, khamu limabalalika. Pamenepo nkuti ena akali m'phiri, akutsika motsimphina, ndipo amafika patapita maola ambiri, pabwalo patatsala mipando yokha. Tsiku lina tinalandira mtsikana wina wotere, bondo likuchucha magazi, nsapato imodzi ili m'manja. Sanapemphe madzi kapena mankhwala. Anangofunsa kuti, "Amayi, kodi andilemba kuti ndamaliza?" Tinamuperekeza kwa olemba maina, ndipo atamulemba mpamene anakhala pansi nalira. Pakadapanda munthu pamenepo, mwana uja akadapita kwao ngati sanachite kanthu. Choncho lamulo lathu ndi lakuti ndowa ya Mvano sichoka womalizira asanafike.

Yachinai ndi kutola zinyalala. Mabotolo ndi mapepala amene anthu amataya timawatola tisanachoke. Phirili ndilo limatipatsa madzi amene timamwa ndi kuthirira mbeu. Ndilonso kwao kwa mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene watsala pang'ono kutha chifukwa cha macheka ndi moto. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa, tinaona ndi maso athu madzi, matope ndi miyala zikutsika m'mapiri, ndipo tinaika m'manda abale athu. Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'gulu la malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Ngati akutali akulilemekeza chotere, nanga ife ogona m'tsinde mwake?

KODI MAYI WA MVANO ALI NDI CHIYANI NDI MASEWERA?

Funso limeneli talimva, ndipo ofunsawo ndi amayi okonda Mulungu. Iwo amati kumalo otere kumakhala mowa, nyimbo zachabe ndi mayankhulidwe oipa. Nzoona, zimenezo zimakhalako. Koma kumeneko nkumene kuli ana athu. Nanga tikathawako tonse, adzaona chitsanzo cha yani? Taona kuti pamene paima amayi achikulire, anyamata amachepetsa mau, ndipo atsikana amapeza pothawira.

Tiwerenge Mateyu 10:42 tikafika kunyumba. Pamenepo Ambuye sanatchule mphatso yaikulu, anatchula madzi akumwa opatsa wamng'ono. Tiwerengenso 1 Akorinto 9 ndi Ahebri 12, pamene moyo wa Mkristu ukufaniziridwa ndi liwiro. Ife sitinapite patali ndi sukulu, koma tikuganiza kuti Mau a Mulungu sakadatenga fanizo pa chinthu chonyansa. Kunena zoona, ndime zimenezi tinazimvetsa bwino titaona munthu akutsika ku Lichenya miyendo ikunjenjemera, koma osalola kuima.

Za yunifolomu, tinagwirizana kuti bulauzi yoyera ndi duku loyera ndi za ku mapemphero, ku maliro ndi ku misonkhano yathu. Ku mpikisano timavala chitenje cha mpingo, kuti wofuna thandizo atizindikire msanga.

ZA ANA ATHU AAKAZI

Apa mpamene pagona nkhani. Amayi ambiri amalola kukapereka madzi, koma mwana wao wamkazi akati athamange nawo, amakana. Zifukwa zake timazidziwa.

Ena amati kuthamanga kumaononga chiberekero. Amayi anzathu, tiyeni tifunsane. Ndani amakwera phiri lomweli m'bandakucha kukatola nkhuni, natsika ndi mtolo wautali kuposa iye mwini uli pamutu? Si ife ndi ana athu aakazi? Pamenepo palibe amene amadandaula za chiberekero. Bwanji mantha amabwera pokhapokha mwanayo akatsika wopanda mtolo, anthu akumuombera m'manja? Maganizo amenewa sanali kuno kokha. Ngakhale kunja ankanena kuti mkazi sangathe mtunda wautali, kotero kuti pa masewera a Olimpiki akazi anayamba kuthamanga mtunda wa makilomita 42 mu 1984, ku Los Angeles. Anapambana ndi Joan Benoit wa ku America, ndipo pambuyo pake anabereka ana bwinobwino. Kuno kwathu tinali ndi Catherine Chikwakwa, amene anaimira Malawi ku Olimpiki ya ku Sydney mu 2000 ndi ya ku Athens mu 2004. M'chaka chomwecho cha 2004 anakhala wachiwiri pa dziko lonse pa liwiro la achinyamata la mamita 5,000. Ameneyo anali mwana wa mayi wina monga ife.

Ena amati vuto ndi zovala. Ambiri a ife tinakula pa nthawi ya lamulo la 1973, limene linkaletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yaifupi pagulu. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, koma maso athu anazolowera. Sitikunena kuti ulemu unatha ai. Tikunena kuti ife tili ndi makina osokera ndi manja odziwa singano. Tingathe kusokera mwana kabudula wofika m'mawondo ndi malaya oyenera, nathamanga momasuka ndi mwaulemu. Kukana nkosavuta, koma kusoka ndiko chikondi.

Ndipo taonapo chinthu china. Mtsikana amene akukonzekera mpikisano amagona msanga, amadzuka m'mamawa, amasamala thupi lake, ndipo amakhala ndi chinthu chimene akuyembekeza. Wotere sanyengedwa msanga ndi timakobiri ta pamsika. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Koma lamulo lili pa pepala ku Lilongwe. Chimene chimasunga mwana pasukulu ndicho kudziwa kuti iye ndi munthu wotha kuchita kanthu, ndi kuti amayi ake akumuonerera.

MALANGIZO KWA OFUNA KUTHAMANGA

Phiri si bwalo la sukulu. Wofuna kulowa mpikisano ayambe kukonzekera miyezi ingapo isanafike Julaye, ayambe ndi mtunda waufupi, naonjezera pang'ono sabata ndi sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Asakwere phiri yekha, ndipo atsikana aziyenda m'gulu pamodzi ndi munthu wamkulu wodziwa njira. Nsapato yatsopano isavalidwe koyamba pa tsiku la mpikisano, chifukwa imatupitsa matuza. Adye bwino dzulo lake, ndipo m'mawa adye chakudya chopepuka monga phala. Mayi woyembekezera, munthu wa vuto la mtima, wa BP kapena wa shuga ayambe wafunsa ku chipatala. Ana aang'ono adikire msinkhu umene eni mpikisano amalola. Ndipo amene waona kuti mutu ukuzungulira kapena pachifuwa pakupweteka, aime. Kuima si manyazi, mpikisano udzakhalakonso.

Nafenso achikulire tisadzipatule. Sitingathamange kufika ku Chambe, koma tingathe kuyenda ndawala limodzi m'mawa, monga amatilangizira a chipatala. Maondo amene amagwada popemphera afunikanso kuwasamala.

PEMPHO LATHU

Potsiriza tikupempha zinthu zinai.

1. Dera lililonse la Mvano lipereke amayi oti adzathandize, ndipo maina afike kwa Mlembi mwezi wa Juni usanathe, kuti tikadziwitse eni mpikisano nthawi ikalipo.

2. Amene sangathe kupita atumize chimene ali nacho: nkhuni zowiritsira madzi, shuga, nthochi, ndowa kapena chitenje. Mutu umodzi susenza denga.

3. Azibambo, tikukuthokozani inu amene mumatilola kuchoka m'bandakucha, enanso mumatinyamulira ndowa pa njinga. Tikupemphani kuti mwana wamkazi akadzapempha chilolezo, mudzayambe mwamumvera musanayankhe.

4. Amayi, mwana wanu akathamanga, mudzakhalepo pamene akufika, kaya ndi woyamba kaya ndi womalizira.

Amayi amene anayambitsa Mvano pa mpingo uno ankayenda mitunda yaitali wapansi, Baibulo lili m'chitenje, kukaona odwala ndi kukaphunzitsa anzao. Ambiri a iwo anagona, ndipo lero tikuwakumbukira ndi ulemu. Iwo anapita kumene kunali anthu osowa thandizo m'masiku ao. Ifenso tipite kumene kuli anthu m'masiku athu, ngakhale kukhale m'tsinde mwa phiri, m'chisanu cha Julaye.

Mulungu adalitse Mvano, adalitse mabanja athu, ndipo asunge mapazi a ana athu pa miyala ya phiri.