Denga Lopereka Magetsi ndi Madzi Otentha

Nkhani ya lero ikukhudza tonse, koma makamaka inu a m'makomiti a zomangamanga, amene mumasunga ndalama zimene anthu asonkha movutikira.

Sola ya padenga tikuidziwa. Koma kodi munayamba mwaikhudza masana a mwezi wa Okutobala? Imaotcha dzanja. Chifukwa chake nchakuti pa mphamvu ya dzuwa imene imagwera pa panelo, magawo pafupifupi 20 okha pa 100 ndiwo amasanduka magetsi. Yambiri yotsalayo imasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumafooketsa sola yomweyo. Panelo ikapyola madigiri 25, magetsi amayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo m'malo otentha ngati ku Nsanje ingathe kufika madigiri 60.

Tsono akatswiri anaganiza zoika mapaipi kuseri kwa panelo kuti muzidutsa madzi kapena mpweya. Madziwo akamayenda amaziziritsa panelo, magetsi nkuchulukirako, iwo nkukalowa m'thanki ali otentha. Mapanelo ena otere sakhomedwa pamwamba pa malata ai, iwo eni ndiwo denga kapena khoma la nyumbayo.

Nzeruyi si ya dzulo. M'chaka cha 1973, yunivesite ya Delaware ku America inamanga nyumba yotchedwa Solar One, imene denga lake linkapereka magetsi ndi mpweya wofunditsa m'nyumba nyengo yachisanu. Kwathu kuno chosowa nchina. Taganizani za amai ochira ku chipatala chaching'ono, kapena ana a sukulu yogonera konko m'mwezi wa Juni. Madzi ao osamba ndi ochapira amadya nkhuni zingati pa chaka? Nanga amakatola nkhunizo ndani?

Komabe musathamange. Madzi a denga lotere amatentha mokwanira kusamba, kuchapa ndi kutsuka mbale, koma sawira. Wina akakuuzani kuti muziphikira nsima, akukunamizani. Ndiponso phindu limaoneka pokhapo madzi otenthawo akamatungidwa tsiku ndi tsiku. Akangokhala m'thanki, panelo siziziranso, ndipo mwalipira mapaipi pachabe. Nchifukwa chake ine sindingavomereze denga lotere pa holo imene imatsegulidwa kamodzi pa sabata. Pamenepo sola wamba ikwanira.

Kumbukiraninso kuti madzi a mijigo ina ali ndi mchere umene umaundana m'mapaipi mpaka kuwatseka. Ndipo ngati panelo ndilo denga, ikasweka mvula ilowa m'nyumba. Choncho nkhaniyi ikambidwe pamene mukujambula pulani, nyumba isanayambe kumangidwa.

Wogulitsa akabwera, musachite naye manyazi. Akuonetseni chiphaso chake cha ku MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu m'dziko muno. Alembe papepala malita a madzi otentha amene muzipeza pa tsiku, ndi dzina la mmisiri amene adzabwere paipi ikadontha, komanso mtunda umene mmisiriyo akhala kuchokera pa parishi yanu.