Kope la bizinesi: maphunziro a ku Nangongwe

 

Funso langa lipite kwa inu amayi amene mumaoda nsomba kwa asodzi a mumtsinje wa Kafue. Chaka chilichonse pa 1 Disembala boma limatseka usodzi mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Tonse timadziwa. Nanga bwanji ikafika Januwale ambiri mpamba umakhala utadyeka, ena mpaka kukatenga kaloba? Si ulesi ayi, ndimakuonani mukulawirira kudakali mdima. Vuto ndi loti pulani yonse ili m'mutu, ndipo mutu womwewo wasenza za lendi, za makala, za yunifomu ya mwana ndi za maliro a kumudzi.

Gulani kope wamba la kusukulu ndi bolopeni. Patsamba loyamba ndandalikani miyezi yonse 12, ndipo pa mwezi uliwonse lembani chomwe mudzagulitse. Mukafika pa miyezi itatu ija dzanja lidzaima lokha, chifukwa mudzaona mpata. Ndi bwino kuuona mpatawo mu Juni, ndalama ya nsomba ikadalowa. Pamenepo mungalembe kuti Disembala ndi bowa ndi mango, Januwale ndi salaula kapena vitumbuwa, ndiponso ndalama imene muzipatula sabata iliyonse kuti idzakhale mpamba wake. Ganizo likakufikirani muli m'basi, lilembeni tsiku lomwelo lisanathawe.

Tsopano za tsiku ndi tsiku, ndipo apa mvetserani bwino. Tiyerekeze mwaoda bokosi la tomato ku msika wa Soweto ku Lusaka pa K300, mwagulitsa lonse mwapeza K420. Mukuti phindu ndi K120? Dikirani kaye. Lembani ya basi kupita ndi kubwera, ya mnyamata wa wilibala, ya pamsika, ya mapulasitiki, ndi imene adakudulani potapa ndalama pafoni. Lembaninso tomato amene mudatengera kunyumba kukathira m'ndiwo, amene adaphwanyika pansi pa bokosi, ndi mbasela imene mudaonjezera makasitomala. Mwina yotsala ndi K30. Sindikuti musiye mbasela, ndi imene imakoka anthu, koma muzidziwa kuti ikukudyerani zingati.

Ngongole ikhale ndi tsamba lake kumapeto kwa kope: dzina, tsiku, katundu, mtengo. Amene wanena kuti adzalipira mwezi ukatha aone ndi maso ake mukulemba. Inu a tuntemba, shuga amene mlamu watenga ndi ngongolenso.

Amayi apo akuti sadapite patali ndi sukulu. Musadandaule mayi. Mwana wa giredi 7 akhoza kukulemberani madzulo inu mukumuuza, ndipo lembani m'Chinyanja mwathu momwemu.

Ambiri mwabwera kudzamva za CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha konsitichuwense. Mu 2022 ndalamayi idakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo gawo lina ndi la magulu a amayi, a achinyamata ndi makopaletivu, lina ngati thandizo, lina ngati ngongole yobweza. Gulu liyenera kukhala lolembetsedwa, ndipo fomu imadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi, WDC, isanafike ku khonsolo. Adzafuna kudziwa chimene mukufuna kuchita, mtengo wake ndi amene adzakuguleni. Chimene chimandiwawa mtima ndi kuona gulu likulipira munthu wina kuti awalembere pulani ya nkhuku, pomwe m'gulumo mulibe yemwe akudziwa mtengo wa thumba la chakudya cha anapiye. Pitani nokha kusitolo, funsani mitengo, lembani. Wokuthandizani kudzaza fomu atenge zochokera m'kope lanu.

Tiyeni tigawikane asanuasanu. Ansomba khalani mbali iyi, a tomato ndi ndiwo zamasamba uko, a tuntemba pakhomo apo. Gulu lililonse lisankhe katundu mmodzi, liwerengere zonse zimene zimatuluka kuyambira pooda mpaka pogulitsa, ine ndizidutsa kuona.