DOTOLO WOSABAYA JEKESENI

Lero tisiye pang'ono nkhani za m'munda, tikambe mlandu umene wayamba kufika pabwalo m'midzi ina, ndipo mwina mawa udzafika kwanu.

Mlanduwo uli wotere. Mwana wa pamudzi, wamwamuna kapena wamkazi, watsiriza maphunziro a za mankhwala ku yunivesite. Makolo anagulitsa mbuzi, amalume anaperekapo ndarama za fodya, kuti mwanayo afike pamenepo. Tsopano onse ali kuyembekeza kuti alowe nchito, ayambe kulipirira sukulu ang'ono ake, ndi kufolera nyumba ya amai ake ndi malata. Koma iye abwera ndi mau akuti, "Ndifuna kupitirira, ndikatenge digiri yotsiriza, ya PhD." Apo amalume apsa mtima, nati, "Sukulu yanji yosatha? Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Ndipo akamva kuti mwanayo, ngakhale adzalandira dzina la Dotolo, sadzapima odwala kapena kubaya jekeseni, mkangano ukula, mpaka nkhani ifika kwa inu amfumu.

Musanaweruze, tamverani mbiri ya chomera china cha kwathu konkuno.

Akuruakuru a ku chigwa cha Shire achidziwa bwino kombe, chomera choyanga m'mitengo, chobala zipatso zazitali ziwiriziwiri. Kale alenje ankasinja njere zake napaka ulembewo pa mibvi. Nyama yolasidwa siinkapita patali. Ikagwa, iwo ankadula mnofu wa pabala nautaya, yotsalayo nadya popanda bvuto.

Pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi ndi Shire, umene unayamba m'chaka cha 1858, panali dotolo wina dzina lake John Kirk, wokonda kusonkhanitsa zomera. Iye anasunga kombe m'thumba momwe munali mswachi wake. Tsiku lina potsuka mkamwa anamva kuwawa, ndipo pambuyo pake anazindikira kuti mtima wake, umene unali kuthamanga chifukwa cha chimfine, wayamba kugunda pang'onopang'ono. Anaganiza kuti chimene chimapha njati chingathenso kuthandiza mtima wa munthu.

Koma kuganiza si kudziwa. Njere zija zinafika ku Edinburgh, ku Scotland, m'manja mwa Thomas Fraser. Munthu ameneyu anali atazolowera kale nchito yotere, pakuti buku limene analemba potenga digiri yake ya udotolo m'chaka cha 1862 linali lonena za nyemba ya ululu ya ku Calabar, ku Nigeria. Fraser anayesa kombe zaka zoposa khumi, kufuna kupatula chimene chiri ndi mphamvu m'njeremo, ndi kupeza mlingo wake. M'chaka cha 1885 analengeza kwa madotolo anzake kuti m'kombe muli mankhwala a nthenda ya mtima. Kuyambira pamenepo njere za kombe zinayamba kutumizidwa ku Ulaya kuchokera m'dziko lino, ndipo zinathandiza odwala kwa zaka zambiri, mpaka mankhwala ena atsopano analowa m'malo mwake. Kufikira lero, m'mabuku a zomera a dziko lonse dzina lake ndi Strophanthus kombe. Liu lachiwirilo ndi lathu.

Tsono taonani bwino. Chomera chinali chathu. Nzeru yoyamba inali ya alenje athu. Koma m'mabukumo maina omveka ndi a Kirk ndi Fraser, ndipo phindu lalikuru linapita kwa opanga mankhwala a kunja. Chifukwa chiani? Chifukwa masiku amenewo kunalibe mwana wa kuno wophunzira kuyesa. Nchito yoyesayo ndiyo imene mwana wanu uja ali kupempha kuti akaphunzire.

Inu alimi mudziwa kuti feteleza akachepa chimanga sichikula, akachuluka paphando amachiocha. Mankhwala ali chimodzimodzi. Pakati pa kuchiza ndi kupha pali kampata kakang'ono, ndipo wina ayenera kukayesa kampatako asanamwe munthu. Dotolo wa kuchipatala amapima wodwala nalemba mankhwala. Wodziwa za mankhwala amene mumampeza pazenera amawasunga, nawapereka, nakuuzani kamwedwe kake. Koma kuseri kwa onse awiriwa kuli wachitatu amene simumuona. Iyeyo ndiye amafunsa kuti, kodi m'mbulu uwu muli chiani, chimalowa bwanji m'magazi, chimakhalamo maola angati, ndipo mwana wa zaka ziwiri ayenera kulandira wochuluka bwanji?

Maphunziro a PhD sali ngati a sukulu zina. Kumeneko chachikuru si kuloweza zimene aphunzitsi anena. Wophunzira amasankha funso limodzi limene palibe munthu analiyankhapo, nagwira nchito pansi pa mphunzitsi wamkuru womuyang'anira. Wina angafufuze ngati mapiritsi osungidwa miyezi yambiri m'kutentha kwa ku Nsanje amakhalabe ndi mphamvu. Wina angafune njira yopangira mankhwala a khanda limene silingathe kumeza mbulu. Wina angatenge khungwa la mtengo limene agogo amaphika, napatula zimene zirimo chimodzichimodzi, kuti aone chochiza ndi chiti, choononga chiwindi ndi chiti. Kawirikawiri zoyesa zake zimalephereka, ndipo amayambanso. Potsiriza amalemba buku la zonse zimene wapeza, nakhala pamaso pa akatswiri, ena ochokera ku yunivesite ina, amene amamfunsa mafunso kwa maola angapo. Akakhutira, ndipo pamene alandira dzina lija la Dotolo.

Mungafunse kuti, nanga ife a kumudzi tipindulanji? Yankho liri m'nyumba mwanu momwe. Achikulire akumbukira klorokwini, amene kale ankachiza malungo msanga. Patapita zaka tizirombo ta malungo tinamzolowera, ana namamwalira atamwa kale mankhwala. Ofufuza atayesa ndi kuwerenga odwala amene sanachire, Boma linasintha, ndipo m'chaka cha 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya klorokwini ndi kutenga Fansidar. Nayenso Fansidar anadzafooka, ndipo m'chaka cha 2007 tinayamba LA, amene timamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Mphamvu ina ya mu LA inachokera ku chitsamba cha ku China. Mai wina wa kumeneko, Tu Youyou, pamodzi ndi anzake, anayesa njira 190 zosapindula. Ya 191 ndiyo inagwira, m'chaka cha 1971. M'chaka cha 2015 mai ameneyu analandira mphotho ya Nobel. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdzukulu wanu akadzuka pa mphasa atamwa LA, dziwani kuti wadzutsidwa ndi anthu amene sanamuonepo nkhope.

Tizirombo sitigona. Tsiku lina LA nayenso angathe kufooka, ndipo padzafunika anthu oti azindikire msanga. Padzafunikanso aphunzitsi. Sukulu ya udotolo ya ku Blantyre inatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira 2021 iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, kumene achinyamata amaphunzira za mankhwala konkuno kwathu. Amene aphunzitse ana amenewa ndani, ngati aliyense aimira pa digiri yoyamba? Ndiponso bungwe la Boma loyang'anira mankhwala, Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lifuna anthu odziwa kusiyanitsa mbulu weniweni ndi wonyenga, pakuti ndi maso okha simungathe kusiyanitsa.

Tsopano tinene zoona zake za mtengo wa ulendowu, pakuti amalume aja sanalakwe konse podandaula. Tawerengani zaka: 8 ku pulaimale, 4 ku sekondale, 4 kapena 5 pa digiri yoyamba, kawirikawiri 2 pa digiri yachiwiri, ndiyeno 3, 4 kapena 5 pa yotsirizayi. Zonse pamodzi zipitirira 20. Pa zaka zotsirizazo mwana sadzatumiza ndarama zambiri kumudzi. Ambiri amaphunzira ndi chithandizo chochokera ku mayunivesite kapena ku mabungwe, monga Commonwealth Scholarship imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1959, ndipo chithandizocho chimakwanira fizi, chakudya ndi pogona, osati banja lonse. Ena amapita ku South Africa kapena ku Mangalande, nakhala kutali pa maliro ndi pa maukwati. Zimenezi n'zowawa, ndipo sitiyenera kuzibisa. Koma mlimi amene amabzala chimanga chokha, osabzalako m'bawa chifukwa uchedwa kukula, adzukulu ake adzagula matabwa kwa eni ake.

Chifukwa chache, inu amfumu, mlandu wotere ukafika pabwalo panu, chitani izi.

Choyamba, muitaneni mwanayo afotokoze pamaso pa abale, m'chinenero chathu, funso limene afuna kukafufuza. Wodziwa chimene afuna adzatha kuchinena kuti ngakhale agogo amve. Mfunseni zaka zingati, kuti, ndipo alipira ndani. Aonetse kalata ya yunivesite.

Chachiwiri, musalole banja kugulitsa munda chifukwa cha maphunziro amenewa. Ngati chithandizo sichinapezeke chaka chino, mwanayo ayambe wagwira nchito, napemphenso chaka chamawa, ambiri amatero. Ndipo chenjerani ndi munthu wobwera ndi mau akuti mupereke ndarama kuti akupezereni malo kunja. Malo enieni amapezeka ndi makalata ndi mayeso.

Chachitatu, ngati mwanayo ali wamkazi, mlandu wake muuweruze monga wa mwamuna. Musamuopseze kuti ukwati umpitirira. Amene anapeza mankhwala a malungo aja anali mai.

Chachinai, abale agawane katundu amene mwanayo akadasenza. Ngati pali mng'ono wake wa ku sekondale, pangano limveke pabwalo kuti alipira ndani kufikira mkuru wake atatsiriza, kuti pasadzakhale kunyozana m'tsogolo.

Palinso china chokhudza mudzi wonse. Ofufuza akafika kwanu kudzafunsa za mitengo ndi mizu, alandireni, koma muone makalata awo a chilolezo, ndipo mupangane kuti dzina la mudzi lilembedwe, ndi kuti adzabwere kudzakuuzani zimene apeza. Tisabwereze za kombe. Sungani nkhalango za kumanda ndi za m'mbali mwa mitsinje, ndipo letsani kusenda khungwa kuzungulira mtengo wonse, pakuti mtengo wotero umauma. Letsaninso ogulitsa mapiritsi pamsika, padzuwa, opanda chilolezo. Ndipo wodwala malungo atsirize LA yense ngakhale wayamba kupeza bwino, osasungira mnzake wotsala, chifukwa mankhwala osatsiriza ndiwo amaphunzitsa tizirombo kulimba.

Mwana uja akadzabwera ndi dzina lake latsopano, musadzamtengere odwala pakhomo kuti awabaye, ndipo musadzakhumudwe akadzawatumiza kuchipatala. Nchito yake mudzaipeza m'kabotolo kamene namwino adzakupatsani.

Sabata yamawa pa nthawi yomweyi tidzabwerera kumunda.